A Sainani ndi Chiletso cha Mwana Wawo

Dzina lakuti a Sainani silinali la makolo awo ayi. Anawapatsa ndi anthu a m'tauni, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, akafika pakhomo pa munthu zinkayenda chimodzimodzi: moni, kenako pepala, kenako cholembera, kenako chala pamzere wam'munsi. Anali mesenjala wa khoti, wopereka masamani ndi zigamulo. Ntchitoyi ndi yosavuta kuifotokoza koma kuigwira ndi nkhani ina. Woweruza akalamula kanthu, lamulolo limakhala papepala, ndipo pepalalo silimanga munthu mpaka litafika m'manja mwake iyeyo n'kusainira kuti walandira. Pakati pa tebulo la woweruza ndi dzanja la munthu panali a Sainani ndi njinga yawo yakapalasa.

Anali munthu wamfupi, wowonda, wa jekete yotuwa yomwe sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Agalu a m'tauni yonse ankawadziwa, ndipo awiri anawasiyira zipsera pamsana pa mwendo. Anthu ankawabisalira kunsi kwa bedi, kubafa, ena mpaka m'khola la nkhuku. Mwini sitolo wina ananena kuti iye si iyeyo, ndi mng'ono wake, ndiye a Sainani anangoimika njinga pakhonde n'kumadikira mkuluyo, mpaka kasitomala wina analowa n'kumuitana munthuyo ndi dzina lake. Sanamunyoze. Anangomupatsa cholembera, atachivundukula kale.

Anali ndi malamulo awoawo omwe sanalembedwe m'buku lililonse. Pakhomo pomwe abweretsa pepala sankakhala pansi, ndipo tiyi sankalandira. Koma lalikulu linali lakuti sankabisa chomwe abwerera. Anzawo pantchito ankadziwa kunamizira kuti ndi a magetsi kapena abweretsa uthenga wa maliro, bola chitseko chitseguke. A Sainani ankati pepala la khoti likalowera pawindo ngati mbava, munthu ali ndi chifukwa cholinyozera. Choncho ankayamba ndi kunena kuti achokera kukhoti, ndipo chifukwa cha khalidwe limeneli ankayenda maulendo atatu pomwe anzawo ankayenda umodzi. Akazi awo ankati kumeneko si kukhulupirika, ndi kuuma mutu basi, ndipo matayala a njinga akuvomereza.

Sukulu sanapite nayo patali, koma za kayendetsedwe ka dziko anaziphunzira m'makonde a khoti, akudikira mafayilo. Madzulo patebulo ankakonda kufotokoza kuti aphungu ku Nyumba ya Malamulo amapanga lamulo, nduna ndi maofesi awo amaligwiritsa ntchito, ndipo khoti limaona ngati aliyense wayenda m'malire ake. Ankayerekeza ndi chipinda chosungiramo umboni kuntchito kwawo, chomwe chinali ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, kuti pasapezeke munthu wolowamo yekha. Akazi awo ankangoyankha kuti m'nyumba muno makiyi onse ali ndi iwo ndipo palibe chomwe chinasowapo, adye chakudya chisanazizire.

Womvera wawo weniweni anali mwana wawo wamkazi. Anali mmodzi yekhayo, wobwera patatha zaka zisanu ndi zinayi akudikira, achibale atayamba kale kunong'ona. A Sainani ankamuitana kuti Mayi kuyambira tsiku lobadwa. Ankapita naye kusukulu pa kaliyala wa njinga, atakhalira chikwama cha masamani, ndipo kuwerenga anaphunzirira pa zidindo za khoti. Mtsikanayo anali ndi mutu. Anaphunzira za misewu ndi milatho, anakwera maudindo, mpaka anakhala mkulu woyang'anira zomangamanga m'chigawo chonse, ndi ofesi yapamwamba, galimoto ya boma ndi dalaivala. Tauni yonse inkati a Injiniya. Bambo ake okha ndi amene ankapitiriza kunena kuti Mayi, ndipo Lamlungu lililonse iye ankabwera kunyumba, kuvula nsapato zazitali pakhomo n'kukhala pa kampando komwe ankakhalira ali mwana. A Sainani analibe munda, analibe galimoto, analibe mbiri. Chuma chawo chonse chinali Lamlungu limeneli.

Nkhani inayambira pamzere wa mashedi kuseri kwa depoti ya mabasi, pomwe akalipentala, owotcherera zitsulo ndi atelala anakhala akugwirira ntchito kwa zaka zambiri. Nduna ya zamisewu inkafuna kuti msewu wa pamenepo ukulitsidwe mwamsanga, alendo ena akuluakulu asanabwere, ndipo inalamula kuti mashedi onse makumi anayi agumulidwe Lachisanu m'mawa. Koma lamulo lomwe aphungu anapanga linkanena kuti anthu otere azipatsidwa kalata miyezi itatu zisanachitike, ndiponso azimvedwa kaye. Eni mashediwo anangouzidwa Lolemba, pa chimkuzamawu. Anathamangira kukhoti, ndipo Lachinayi m'mawa woweruza anasaina chiletso chakuti pasagumulidwe kanthu mpaka nkhaniyo itamvedwa. Dzina lolembedwa pa chiletsocho, loyenera kuchilandira m'manja, linali la mkulu wa zomangamanga.

Mamesenjala awiri anapita tsiku lomwelo n'kubwerako chimanjamanja. Woyamba anauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano. Wachiwiri sanadutse n'komwe pageti. Zinali zoonekeratu kuti kumeneko anapangana: pepala likapanda kulandiridwa, chikatapila chigwira ntchito yake m'mawa, ndipo khoti lidzatsala likuteteza fumbi.

Nthawi ya nkhomaliro itayandikira, mkulu wa kaundula wa khoti anaitana a Sainani. Anali mayi wa magalasi okhuthala, wosakonda kuzungulira, koma tsiku limeneli anazungulira. Anati akudziwa kuti ndi mwana wawo, anati sakuwakakamiza, anati akakana palibe amene adzawaloze chala. Kenako anavula magalasi n'kunena zoona zake, kuti palibenso wina yemwe angadutse pageti paja. A Sainani anawerenga pepalalo ataimirira, mizere yonse, mpaka pa dzina lomwe anasankha okha kuchipatala zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati lamulo likuletsa bambo kupereka pepala lotsutsana ndi mwana wake. Atauzidwa kuti silikuletsa, anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama.

Analakwitsa chinthu chimodzi: anadzera kunyumba kukasintha malaya, n'kuwauza akazi awo. Kunali moto. Mayiwo anawakumbutsa zaka zisanu ndi zinayi zija, anawakumbutsa kuti nduna imeneyo yachotsa kale anthu atatu pantchito chaka chomwechi, anafunsa ngati khotilo lidzabwere kudzawaona akadzadwala. A Sainani analowa kuchipinda. Potuluka anapeza nsapato zawo, zomwe anavula pakhomo, kulibe. Za kutchalitchi nazonso kunalibe. Akazi awo anali atakhala pa sofa manja ali pachifuwa, akuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani. Anawapempha kawiri mwaulemu, kachitatu anangopita kubafa n'kuvala patapata wobiriwira, wina lamba wake womangidwa ndi waya.

"Mukapita, mukamutaya mwanayo," anatero mayiwo ali pakhomo. "Ine sindidzakuthandizani kumufuna."

Anapalasa njinga ndi mtima wolemera, jekete yotuwa pamwamba, patapata pansi. Njira inkadutsa pamzere wa mashedi uja. Chikatapila chachikasu chinali chitafika kale, chitaimikidwa pakona, dalaivala wake akugona pamthunzi wake. Kalipentala wina wachikulire anali kuzula zitseko za shedi yake kuti apulumutseko mahinjesi. Telala wina anali atatulutsa makina ake panja, koma ankasokabe diresi pomwepo, poti mwini wake ankalifuna Loweruka. Atawaona a Sainani anasiya kupalasa makinawo n'kuwatsatira ndi maso.

Pageti pa ofesi ya zomangamanga mlonda anawazindikira akadali patali. Anathamanga, anatsegula geti lonse ngati mukulowa lole, akuwalonjera kuti bambo a bwana, n'kuwalandira njinga. Msewu wonse unali wotseguka, kuyambira pamenepo mpaka pa masitepe, mpaka pachitseko cha mwana wawo. Munthu wina aliyense akanangoti zikomo n'kulowa. Koma awa anali a Sainani. Anaima pamzere wa geti n'kumuuza mlondayo kuti alembe m'buku lake bwinobwino, kuti lero sanabwere ngati bambo a munthu, achokera kukhoti ndi chiletso.

Mlondayo anagwira kumutu. Anati anauzidwa kuti wakukhoti aliyense asalowe, ndipo akalowa, ntchito yake yatha. Anawachonderera kuti anene kuti abwera kudzaona mwana, iye sanamve china chilichonse, makutu ake ndi ovuta kuyambira kale. A Sainani anati ayi, wamva bwino. Mlondayo anawabwezera njinga yawo, anakankha geti pang'onopang'ono akupepesa, n'kulitseka.

"Koma bambo inu, mukanangokhala chete!" anatero kudzera m'mipata ya zitsulo.

Ndiye anaima panja. Inali itangokwana thu koloko, dzuwa lili pamutu. Mlonda anawatulutsira mpando, anaukana. Anawabweretsera madzi, anawathokoza n'kukana. Anangomupempha kuti aimbe foni kumwamba, anene kuti mesenjala wa khoti ali pageti ndipo adikira. Nkhani inafalikira m'nyumba monsemo mofulumira. M'mawindo munayamba kuoneka mitu ya makalaliki, ena akuseka patapata, ena osaseka. Pawindo lachitatu kuchokera kumanzere, pansanjika yapamwamba, katani inagwedezeka kamodzi n'kukhala bata. A Sainani ankalidziwa windo limenelo, chifukwa tsiku lomwe mwana wawo analowa mu ofesiyo anawaimika pomwepo n'kuwaonetsa tauni yonse.

Ola linatha, lachiwiri linatha. Miyendo inayamba kuwawa, phula linkatentha kudzera mu patapata. Akanakhala munthu wina kumwambako, a Sainani akanadikira ndi mtima umodzi, poti kudikira inali ntchito yawo. Koma apa ankadikira ndi mitima iwiri. Wina unkafuna kuti atsike, mashedi apulumuke. Wina unkapemphera kuti atulukire khomo lakumbuyo, apite kwawo, asunge ntchito yake, Lamlungu abwere adzakhale pa kampando kake. Anachita manyazi ndi pemphero limenelo, koma analipemphera ndithu.

Kutatsala mphindi khumi kuti anthu aweruke, chitseko chachikulu chinatseguka. A Injiniya anatsika masitepe okha, wopanda mlembi, wopanda chikwama, nadutsa bwalo lonse anthu akuonerera. Anauza mlonda kuti atsegule. Anawayang'ana bambo ake kumaso, kenako kumapazi.

"Ababa, nsapato zili kuti?"

"Zili ndi amayi ako."

Anatsala pang'ono kuseka, koma m'maso munali misozi yaukali. Analankhula motsitsa mawu kuti mlonda asamve. Anati nduna yaimba katatu chiyambire m'mawa. Anati iye analemba kalata yochenjeza kuti lamulo likufuna miyezi itatu, koma anamuyankha kuti asaphunzitse akuluakulu ntchito. Anati akakhudza pepalalo ndiye kuti chikatapila chaima, ndipo chikaima, Lolemba pampando wake padzakhala munthu wina. Kenako anafunsa chomwe chinkamupweteka kwenikweni.

"Mamesenjala onse aja, anasowa wina? Munadziwa kuti inu sindingakusiyeni padzuwa."

Mawu amenewo anawalasa, chifukwa anali oona. Iwo anakana kulowa ngati bambo, koma amene anamutsitsa pamasitepe paja sanali mesenjala ayi. Anafuna kunena kuti pepani Mayi, anafuna kunena kuti bwerera, sindinakuone. M'malo mwake anatsegula chikwama, nafunsa monga ankafunsira aliyense, ngati iye ndiye mkulu woyang'anira zomangamanga m'chigawo chino.

Mwana wawo anawayang'ana m'maso. Kenako anati inde, ndi iyeyo. Analandira pepalalo, analiwerenga lonse, analitsamiritsa pa chishalo cha njinga n'kusaina, nalemba tsiku ndi nthawi. Anatembenuka n'kuuza mlonda kuti aitane woyang'anira makina, chikatapila chibwerere kugalaja lero lomwe. Sanatsanzike. Patapita kanthawi galimoto yake inatuluka pageti n'kuwadutsa bambo ake akukankha njinga, magalasi ali otseka.

Lachisanu mashedi anadzuka ali chilili. Lolemba a Injiniya anaimitsidwa pantchito, kalata yake ikunena za kusamvera. Lamlungu sanabwere, ndipo lotsatira lakenso sanabwere. Foni ya bambo ake sankayankha. Amayi ake ankapita okha kukamuona, pobwera osanena kanthu, ndipo chakudya ankachiika patebulo ngati akupatsa mlendo wosamufuna. Akalipentala anabweretsa tebulo latsopano kudzathokoza, a Sainani analibweza, ndipo mayiwo anati tsopano ataya mwana ndi tebulo lomwe. M'nyuzipepala munatuluka nkhani yakuti komiti ya aphungu yaitanitsa nduna kuti ikafotokoze chifukwa chomwe inalumphira lamulo lawo. Anzawo kuntchito ankawaonetsa nkhaniyo akuwagwira chanza, koma iwo sankamva kukoma kulikonse. Ankapita kuntchito, ankabwerera, ankakhala pakhonde. Munthu anaonda, jekete n'kumaoneka ngati yobwereka.

Panatha milungu isanu ndi iwiri. Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, a Sainani akusanja masamani kuseri kwa kauntala, anamva mawu omwe akanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Mwana wawo anali pamzere ngati wina aliyense, kumbuyo kwa mayi wina wodandaula za malire a puloti, atavala diresi wamba ndi fayilo m'manja. Anali atasumira nduna chifukwa chomuimitsa ntchito popanda kumumva. Kalaliki anadinda mapepalawo, woweruza anaika tsiku, ndipo panatsala kuti samani ikaperekedwe ku likulu la unduna, m'manja mwa mwini wake.

Anayenda mpaka pomwe panali bambo ake n'kuika samaniyo pa kauntala. Sanawapatse moni wa kunyumba.

"A mesenjala," anatero, "ndamva kuti pano pali munthu mmodzi yemwe sabwerera pageti. Ndikufuna ameneyo."

A Sainani anayang'ana pepalalo, anayang'ana mwana wawo. Uku kunali kukhululuka, ndipo anakuzindikira. Chomwe ankafunika kuchita n'kungotambasula dzanja. Koma anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Limeneli sindinganyamule, Mayi. Lija linali lokutsutsa, palibe akananena kuti ndakondera. Ili ndi lokuthandiza. Ndikalinyamula ine, loya wa nduna adzati khoti latumiza bambo ake, ndipo mlandu wako udzadetsedwa ndi dzanja langa."

Mkulu wa kaundula anasuzumira pamwamba pa magalasi ake. A Injiniya anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba, misozi ikutsika. Anati amayi ake ananena zoona, munthu uyu sadzasintha mpaka kumanda. Anazungulira kauntala, malo omwe anthu wamba saloledwa, n'kuwakumbatira bambo ake pamaso pa makalaliki onse, ndipo palibe amene anatchula lamulo limenelo.

Samaniyo anapatsidwa mesenjala wina, mmodzi mwa awiri omwe anabwezedwa tsiku lija. A Sainani anamulangiza kwa theka la ola mpaka mnzawoyo anapempha kuti amusiye apite. Kenako analowa mu ofesi ya mkulu wa kaundula n'kupempha tchuthi cha tsiku limodzi. Mayiyo anafufuza m'kabati nthawi yaitali, poti fomu ya tchuthi ya a Sainani inali isanatulukepo chiyambire.

M'mawa mwake, mesenjala uja akulimbana ndi alonda pageti la unduna, tsidya lina la msewu pansi pa mtengo panaima bambo wachikulire wovala malaya wamba, wopanda chikwama, wopanda cholembera. Sanawoloke msewu ndipo sananene liwu limodzi kwa alondawo, ngakhale kuti milomo yawo inkayenda yokha. Pambali pawo panaima mwana wawo, yemwe ntchito yake inali isanabwerere ndipo panalibe amene akanalonjeza kuti idzabwerera. Geti litachedwa kutseguka, a Sainani anayamba kusuntha mapazi ngati akufuna kupita, ndipo mwanayo anawagwira mkono.

"Khalani pompano, ababa," anatero. "Lero ndinu anga."